ZA ANA AMENE ABWERERA-BWERERA KUCIPATALA

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi pa nthawi ya za umoyo. Taisindikiza pano kuti mafumu aiwerengere anthu ao pabwalo, makamaka iwo amene alibe wailesi.

 Lero ndifuna kuceza nanu za ana ena amene muwadziwa bwino, pakuti midzi ndi yowerengeka imene iribe mwana wotere. Ndiri kunena ana aja amene matenda ao satha ndi jakisoni mmodzi, amene amai ao azolowera njira ya kucipatala monga anazolowera njira ya kucitsime. Mwezi uno mwana wagonekedwa, patapita masiku watuluka, cimanga cisanakhwime wagonekedwanso. Tsono anthu ayamba kunong'onezana pamtondo ndi pamowa. Ena ati, "Madotolo aja alephera, nanga bwanji mwana angobwerera komweko?" Ena ati, "Masiku ano acita kuthamangitsa odwala, taonani amtulutsa mwana asanayambe ndi kukhala tsonga komwe." Mau onse awiriwa ndifuna kuwayankha, cifukwa yankho lace likhudza inu kumudziko koposa dotolo.

ANAWO NDANI?

Poyamba tiwadziwe anawo. Alipo amene ubongo wao unabvulala pobadwa, kapena ndi cikasu ca paukhanda, kapena ndi malungo akulu ogwira ubongo, kotero kuti miyendo ndi manja zauma gwa, khosi silikhazikika, ndipo kumeza phala kuwabvuta. Alipo a khunyu. Alipo amene mutu ukula cifukwa madzi adzala m'kati mwace, ndipo madotolo anawaika kapaipi pansi pa khungu kotsitsa madziwo kufika nao m'mimba. Alipo obadwa ndi nthenda ya magazi, dzina lace sickle cell, imene imawawitsa mafupa ndi kumaliza magazi, a nthenda ya shuga, amene sangakhale ndi moyo popanda jakisoni wa insulin tsiku ndi tsiku, a nthenda ya mtima, a khansa, ndi obadwa ndi kacirombo ka HIV.

Cobvuta ncakuti kawirikawiri mwana mmodzi asenza nthenda ziwiri kapena zitatu pamodzi. Wolumala ubongo uja ndiyenso wa khunyu. Popeza sameza bwino, ndiyenso wonyenchera. Phala likasocera ndi kulowa m'mapapo, ndiyenso wa cibayo. Dotolo akaciza cibayoco kulumala kutsala, ndipo kulumalako kudzabalanso cibayo cina. Ziri ngati munda wa m'dambo: mungatsegule ngalande lero madzi nkucoka, koma dambo likhalabe dambo, ndipo mvula ikabweranso mudzagwiranso khasu. Palibe amene anena kuti mlimi wa m'dambo walephera cifukwa wakonza ngalande kawiri.

Akuluakulu ena amafunsa kuti, kodi ana otere acokera kuti, popeza kale sitinali kuwaona ambiri? Matendawo analipo kale lomwe, koma anawo anali kutisiya akali m'manja. Pa kuwerenga kwa m'caka ca 1992 kunapezeka kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 anali kumwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pa kuwerenga kwa 2015 ndi 2016 nambalayo inatsika kufika pa 63. Katemera, masikito, mankhwala atsopano a malungo, ndi ma ARV amene anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, zonsezi zapulumutsa ana ambirimbiri. Koma ena mwa opulumukawo apulumuka ndi zipsera. Madotolo a ku Blantyre anatsata ana amene anacira malungo a m'ubongo, ndipo mu 2010 analengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi khunyu, kulumala kwina, kapena kusintha kwa khalidwe. Cotero kuculuka kwa ana awa si cizindikiro ca tsoka pamudzi iai. Ndi ana amene makolo athu akadawaika m'manda, ife tiri nao.

Ndipo musayese kuti izi nza kuno kokha kumene zipatala zisowa zipangizo. Ku America, dziko la cuma, anawerenga m'zipatala zazikulu 37 za ana kuyambira 2003 kufika 2008. Anapeza kuti ana 3 okha mwa 100 alionse ndiwo anabwerera kukagonekedwa kanai kapena kuposa m'caka cimodzi, koma mwa maina asanu alionse olembedwa m'buku la ogonekedwa, pafupifupi limodzi linali la mwana wa m'kagulu kocepako.

CIFUKWA CACE SAKHALITSANSO M'WODI

Tsono tibwere ku dandaulo lija lakuti ana atulutsidwa msanga. Ncoona kuti zinthu zasintha, ndipo citsanzo cooneka bwino ndi ca ana onyenchera. Amai acikulire akumbukira kuti kale mwana wotupikana kapena woonda kwambiri anali kugonekedwa pafupifupi mwezi wathunthu, akumwa mkaka wa kucipatala, amai ace ali pomwepo. Njira imeneyo inali ndi mabvuto akulu. M'cipinda cimodzi munali ana ambiri ofooka, ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba kapena cifuwa, anzace anali kutengera. Kumudzi nako munda unali kulowa thengo, ana otsala analibe wowaphikira, pakuti kunyenchera kumakula m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomweyo yopalira ndi kubandira. Amai ambiri anali kuthawa usiku mwana asanacire, ndipo ambiri koposa sanali kupita nkomwe.

Cimene cinasintha zonsezi ndi ciponde. Cakudya cimeneci, copangidwa ndi mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, sicifuna kuphika kapena kuthira madzi, ndipo sicibvunda msanga, cotero mai akhoza kudyetsa mwana ali pakhomo pace. Dotolo Mark Manary ndi anzace anaciyesa ku Blantyre kuyambira 2001. Mu 2002 nchito yocizira ana kumudzi inayamba m'boma la Dowa. Ndipo mu 2006 Unduna wa za Umoyo unabvomereza njirayo kuti ifalikire dziko lonse. Kuyambira pamenepo mwana amene akhoza kudya, ndipo alibe nthenda yina yoopsa, sagonekedwa konse, angobwera pa tsiku lace kudzayezedwa pasikelo ndi kulandira ciponde. Wogonekedwa ndi uja wodwala kwambiri, ndipo iyenso akayamba kudya, kutupa kukayamba kuphwa, amtulutsa kuti akatsirize kumudzi.

Maganizo omwewa afika ku matenda enanso. Bedi la m'cipatala si malo abwino kwa mwana wofooka ngati coopsa capita, ndiponso panja pali mwana wina wofuna bedi lomwelo. Ine ndiona kuti kusinthaku nkwabwino. Koma kuli ndi mtengo wace umene sitiunena mokwanira. Nchito imene anamwino anali kugwira m'milungu yotsiriza ija sinathe iai, yangosamukira kumudzi. Wodi tsopano ndi nyumba ya amai aja, ndipo namwino ndi iwo omwe, ndi agogo, ndi bambo wa mwana.

MIYEZI YOOPSA NDI YA PAMBUYO

Mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Ife tonse timaganiza kuti mwana akatuluka pacipata ca cipatala ndiye kuti imfa yamphonya. Zimene madotolo apeza potsata ana kumidzi zinena zina.

Dotolo Kamija Phiri ndi anzace anatsata ana a ku Blantyre ndi Chikwawa amene anagonekedwa cifukwa ca kucepa kwambiri kwa magazi, ndipo analengeza zimene anapeza mu 2008. Mwa ana 100 alionse, 6 anamwalira m'cipatala momwemo. Koma mwa iwo amene anatuluka, pafupifupi 13 mwa 100 anamwalira m'miyezi 18 yotsatira, pamene mwa ana anzao a m'midzi yomweyo, amene sanadwale cotero, anamwalira mmodzi kapena awiri okha. Ku wodi ya Moyo, ya ana onyenchera pa cipatala ca Queen Elizabeth, anatsata ana 1,024 amene anagonekedwa mu 2006 ndi 2007, ndipo patapita caka kapena kuposa anapeza kuti 42 mwa 100 alionse anamwalira, ena m'wodi, ena atapita kale kwao. Amene anali pangozi koposa anali a HIV, makanda osakwana caka, ndi olumala. Ndipo mu 2022 panatuluka zotsatira za kufufuza kwa m'maiko asanu ndi limodzi, Malawi pamodzi ndi Kenya, Uganda, Burkina Faso, Bangladesh ndi Pakistan. Mwa ana 3,101 osakwana zaka ziwiri amene anagonekedwa, 350 anamwalira: 182 m'cipatala, ndi 168 m'miyezi isanu ndi umodzi atatuluka. Ndiko kuti pafupifupi theka. Ndipo mwa 168 amenewo, oposa theka anamwalirira pakhomo.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Thupi limene langocoka pa nthenda yaikulu liri ngati mbande yongookedwa kumene: yaima, masamba ace ali obiriwira, koma mizu sinagwire, ndipo dzuwa la masiku atatu limene mbeu zinzace zipirira likhoza kuifotetsa. Mwana woonjezeredwa magazi aoneka wamphamvu potuluka, koma thupi lace lifuna milungu yambiri kuti liyambenso kupanga magazi ace okwanira. Udzudzu ukampatsanso malungo m'nthawi imeneyo, magazi agwanso.

Kumaiko a cuma, cipatala cimene odwala ace abwerera kawirikawiri cimayesedwa kuti sicigwira bwino nchito, ndipo amayesetsa kucepetsa nambala ya obwerera. Kuno tiyenera kusamala ndi maganizo amenewo. Mwana amene dzina lace silionekanso m'buku la kuwodi mwina wacira, koma mwinanso ali kumanda, ndipo buku silisiyanitsa awiriwa. Mwana wobwerera sindimuopera kwambiri. Amene ndimuopera ndi uja anayenera kubwerera ndipo sanabwerere.

KUBWERERA KULI KWA MITUNDU

Kubwerera kwina nkopangana. Dotolo alemba m'kabuku ka kucipatala tsiku lakuti mwana adzaonedwenso, kapena adzalandire mankhwala a khansa, kapena jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi woteteza mtima. Tsiku limeneli si lodumpha, ngakhale mwana ali kusewera bwinobwino. Pamene ali kusewerapo ndi pamene makolo amanyengeka.

Kwina nkwa mwadzidzidzi, ndipo palibe amene walakwa. Mwana wa sickle cell akatentha thupi, kapena zikhatho zikayera, kapena mimba ikatupa kumanzere, ayenera kufika kucipatala tsiku lomwelo. Wa kapaipi m'mutu akayamba kusanza, kugona kosadzuka bwino, kapena liwombo likatukumuka, mwina kapaipi katsekeka, ndipo si za kudikira kuti kuce. Kwa mwana ali yense amene watuluka posacedwa, zizindikiro izi zitanthauza ulendo: kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza ciri conse, kukomoka, kupuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, kutupa mapazi, ndi kulefuka kosazindikira amai ace.

Koma kulipo kubwerera kwina kumene kundiwawa mtima, cifukwa kukadapeweka. Kumeneku kuyamba ndi botolo la mankhwala lopanda kanthu. Mwana wa khunyu wakhala miyezi inai osagwa, bambo ace ati wacira, aleka kukatenga mankhwala. Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone akasiyidwa mwadzidzidzi, kukomoka kukhoza kubwera kwamphamvu koposa kale, kosalekeza, ndipo mwana afika kucipatala atapsa ndi moto kapena ubongo utabvulalanso. Wa shuga akasowa insulin masiku owerengeka okha akhoza kukomoka ndi kumwalira. Wa HIV akadumphadumpha ma ARV, kacirombo kazolowera mankhwalawo ndipo asiya kugwira nchito.

Popeza tafika pa khunyu, ndipatuke pang'ono. Matenda a khunyu sapatsirana, ngakhale ndi malobvu, ngakhale ndi mpweya woipa monga ena amanenera. Mwana akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mgonekeni cammbali, ndipo musamlowetse supuni kapena cala m'kamwa. Kukomoka kukapitirira mphindi zisanu, nyamukani naye. Ndiponso mwana wolumala ubongo musamdyetse atagona cagada. Mkhazikeni tsonga pamiyendo panu, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, phala likhale lolimbirako osati lamadzimadzi, ndipo mudikire ameze musanampatse lina. Kudya kumodzi kutenga nthawi yaitali, ndipo mai wofulumira kumunda sangathe yekha. Cibayo cambiri ca ana awa ciyambira pa supuni.

Pa nkhani ya magazi ija pali uthenga wabwino. Dotolo Phiri yemweyo anayesa kupatsa ana otuluka mankhwala a malungo a LA pakatha mwezi umodzi ndiponso pakatha miyezi iwiri, ngakhale sali kudwala, ndipo mu 2012 anaonetsa kuti imfa ndi kugonekedwanso zinacepa. Ku Kenya ndi Uganda anayesa mankhwala ena okhalitsa m'thupi, omwedwa masiku atatu pa mlungu waciwiri, wacisanu ndi cimodzi, ndi wa khumi mwana atatuluka. Mu 2020 analengeza kuti m'miyezi itatu imeneyo imfa ndi kugonekedwanso zinatsika ndi magawo 7 mwa 10. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza maiko a malungo kuti atsate njirayi. Cotero mukapatsidwa mankhwala otere potuluka, musawasunge kudikira kuti mwana atenthe thupi, ndipo musagawireko mwana wina. Nchito yace ndiyo kutsekereza malungo asanafike.

Mtunda nao wayamba kufupika. Kale mwana wa shuga, wa mtima kapena wa sickle cell anayenera kupita ku zipatala zazikulu za Blantyre, Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu. Mu 2018 pa zipatala za Neno ndi Lisungwi panatsegulidwa makiliniki a matenda amenewa, pa dongosolo la PEN-Plus, ndipo mu 2022 nduna za umoyo za maiko a mu Africa zinagwirizana ku Lomé kuti dongosololi lifalikire m'zipatala za m'maboma.

Inu amai ndi abambo, musanatuluke m'wodi funsani dzina la nthenda, mankhwala amwedwe mpaka liti, akatha mukatenge kuti, ndi tsiku lobwerera. Anamwino ali ndi odwala ambiri ndipo nthawi zina alankhula mofulumira. Kufunsa kawiri si mwano.

INU MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Nanga gawo lanu ndi liti? Mankhwala mulibe, koma zimene zigwetsa mabanja awa kawirikawiri ndi ndalama ya ulendo, munda, ndi pakamwa pa anthu, ndipo zitatu zonsezi ziri m'manja mwanu.

Taganizani zimene mudzi ucita pakagwa maliro. Uthenga uyenda usiku womwewo. Makasu aikidwa pansi, nyumba iri yonse ipereka ufa ndi nkhuni, adzukulu akumba manda, ndipo galimoto yokatenga thupi kucipatala ipezeka, ngakhale mwezi wa njala. Dongosolo lonselo muli nalo kale, ndipo palibe boma limene linakuphunzitsani. Ine ndingopempha kuti kagawo kocepa ka mphamvu imeneyo kafike mwana akali moyo. Ndalama ya kabaza wopita kucipatala ndi yocepa poyerekeza ndi ya bokosi.

Mwana akabwera kucokera kuwodi, nyakwawa adziwe tsiku lomwelo, ndipo auze mlangizi wa za umoyo wa m'deralo kuti akamuone m'mlungu woyamba. Kabuku ka kucipatala kawerengedwe ndi munthu wodziwa kuwerenga, pamaso pa mai ndi bambo onse awiri, kuti tsiku lobwerera lisakhale m'mutu mwa mai yekha. Pakhale njinga kapena ngolo yodziwika, ndi mwini wace wobvomera kudzutsidwa pakati pa usiku. Magulu a banki m'khonde akhoza kupatula kathumba ka odwala, kobwereketsa popanda ciongoladzanja.

Mai akakhala kuwodi milungu iwiri mu Januwale, banja limenelo lidzakolola zocepa, ndipo caka ca mawa mwana yemweyo adzabwerera kuwodi ndi kunyenchera. Maganizo a munda ndiwo amathawitsa amai dotolo asanalole, ndipo kufufuza kwa maiko asanu ndi limodzi kuja kunapeza kuti ana ocoka cotero ali pangozi yaikulu koposa anzao. Mfumu ikamema anthu khumi m'mawa umodzi wokha, munda wapaliridwa, ndipo uthenga ukafika kuwodi mai akhazika mtima pansi.

Za pakamwa pa anthu, mlandu umenewo ngwa pabwalo lanu. Mwana akabadwa wolumala, kawirikawiri mai ndiye alozedwa cala: ena ati anacita cigololo, ena ati anathira mcere pa nthawi yosayenera, ena ati kwao kuli mfiti. Amuna ena athawa ndi ukwati womwe. Koma nthenda ya sickle cell imabwera pamene mwana watengera kwa bambo ndi kwa mai onse awiri, ndipo khunyu ndi kuuma kwa miyendo zicokera mu ubongo. Mai wotonzedwa amabisa mwana m'nyumba, ndipo mwana wobisidwa safika kucipatala. Mau amenewa akanenedwa ndi namwino anthu amva pang'ono. Akanenedwa ndi mfumu pabwalo, amva onse.

Alipo ana ena amene madotolo aona kuti nthenda yao sidzatha. Akamtumiza kumudzi mwana wotere sikuti amtaya iai. Pa cipatala ca Queen Elizabeth nchito yosamalira ana otere inayamba mu 2002 ndi gulu la Umodzi, ndipo mankhwala oletsa ululu monga morphine amathandiza kuti mwana agone ndi kudya pakati pa abale ace. Ululu ukakula kapena mankhwala akatha, banja libwerere kucipatala popanda manyazi.

Potsiriza, kumbukirani nyengo. Mvula ikakhazikika mitsinje idzala, milatho yina ikokoloka, ndipo ndi nthawi yomweyo malungo aculuka. Cotero mu Novembala, pamene muli kuwerenga matumba a feteleza ndi mbeu, werenganinso mapiritsi a mwana. Ngati mudzi wanu umadulidwa ndi madzi, uzani a kucipatala nthawi ikalipo, kuti aone ngati angakupatseni mankhwala okwanira miyezi iwiri kapena itatu. Insulin safuna kutentha. M'nyumba yopanda firiji, ikani botolo lace m'kacitini kotseka bwino, kacitiniko m'mtsuko wadothi wa mcenga wonyowa, mtsukowo pamthunzi popita mphepo, ndipo mcengawo muzinyowetsa tsiku ndi tsiku.